Tiyi Wotsekemera ndi Mabisiketi: Zinthu 12 Zimene Ambiri Sazidziwa

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti shuga wake wayamba kukwera, mlandu wonse umagwera mbale ya shuga. Masupuni atatu aja amakhala awiri, ena amasiyiratu n'kumamwa tiyi wowawa atakwinya nkhope. Koma paketi ya mabisiketi siikhudzidwa, buledi akadali magawo anayi, ndipo akatha kumwa amakhalabe pampando womwe uja mpaka masana. Shuga wa m'kapu ali ndi mlandu ndithu, koma si yekha, ndipo nthawi zina si iye wamkulu.

1. Magazi anu onse ali ndi shuga wokwana kasupuni kamodzi basi.

Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Asanadye kanthu m'mawa, shuga yense amene akuyenda m'magazi amenewo amalemera magalamu 4 kapena 5, chimodzimodzi kasupuni kamodzi kotakasira tiyi kosasefukira. Tsopano werengani zimene zimalowa pa kadzutsa wamba: masupuni atatu m'kapu ndi magalamu 12, mabisiketi anayi akuluakulu ndi magalamu ena oposa 30 a ufa ndi shuga. M'mphindi zochepa mwameza katundu wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa amene magazi amanyamula.

Thupi labwinobwino silichita nazo mantha. Kapamba amatulutsa insulini, chiwindi ndi minofu zimatenga shugayo n'kumusunga, ndipo pakatha maola awiri kapena atatu zonse zimabwerera m'malo mwake. Kukwera kwa shuga munthu akadya si matenda ayi, ndi mmene tinalengedwera. Vuto limayamba pamene thupi lasiya kumvera insulini kapena kapamba wafooka: shuga amakwera kwambiri, amachedwa kutsika, ndipo kapu yachiwiri imamupeza akadali m'mwamba.

2. Buledi woyera amakweza shuga kuposa shuga weniweni.

Izi zimamveka ngati bodza, koma zinayezedwa. Mu 1981, David Jenkins ndi anzake pa yunivesite ya Toronto anayamba kuika zakudya pamndandanda potengera mmene zimakwezera shuga m'magazi. Gulukozi, amene ndi shuga wa m'magazi weniweniyo, anamupatsa 100. Pa mndandanda umenewu shuga wothira m'tiyi amapeza pafupifupi 65, pamene buledi woyera amapeza pafupifupi 75.

Chifukwa chake n'chakuti shuga wa m'paketi ndi theka gulukozi, theka fulukitozi, ndipo fulukitoziyo amayamba wapita kuchiwindi, sakweza shuga wa m'magazi nthawi yomweyo. (Musamuone ngati mnzanu: akachuluka, chiwindi chimamusandutsa mafuta.) Ufa wa tirigu woyera uli ndi sitachi, ndipo sitachi ndi gulukozi yekhayekha wolumikizanalumikizana. Thupi limangodula mfundozo. Ntchitoyi imayambira m'kamwa momwe: tafunani kachidutswa ka buledi kwa nthawi yaitali osameza, mudzamva kakuyamba kutsekemera, malovu ali pantchito.

Mabisiketi ndi ufa womwewo, wothiridwa shuga ndi mafuta. Mafutawo amachedwetsa pang'ono, koma sachotsa kanthu. Mabisiketi a Marie, amene kampani ya Peek Frean ya ku London inayamba kupanga mu 1874 pokondwerera ukwati wa mwana wamkazi wa mfumu ya Russia, amaoneka osalakwa chifukwa satsekemera kwenikweni, n'chifukwa chake timapatsa ana ndi odwala. Koma pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake ndi sitachi ndi shuga. A Digestive, amene ambiri amawayesa a thanzi, bisiketi imodzi ili ndi magalamu pafupifupi 9 a sitachi ndi shuga, ndiponso magalamu 3 a mafuta. Ndipo ndani amadya imodzi? Ukaiviika m'tiyi imafewa, siifunanso kutafuna, dzanja limangobwerera kupaketi.

Mabisiketi olembedwa kuti alibe shuga, amene amagulitsidwa mokwera mtengo kwa odwala, nawonso ndi ufa. Tembenuzani paketi muwerenge mzere wa chiwerengero chonse cha sitachi ndi shuga, osati wa shuga wokha.

3. Makapu awiri okha atha kumaliza gawo lanu la tsiku lonse.

Mu 2015 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapose magawo 10 pa 100 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewo ndi magalamu pafupifupi 50, masupuni ang'onoang'ono 12. Linanenanso kuti kutsika mpaka theka lake, masupuni 6, n'kwabwino koposa. Wothira masupuni atatu ndiye kuti pa kapu yachiwiri wafika kale pa 6.

Ndipo awa ndi masupuni a m'buku, ang'onoang'ono, osasefukira. M'nyumba zambiri shuga timatapa ndi supuni yodyera phala, yomwe imanyamula kawiri kapena katatu, titaiunjika mpaka nsonga. Pamaliro ndi pamisonkhano ya kutchalitchi shuga amathiridwiratu mumphika waukulu, ndipo wothirayo amaopa kunenedwa kuti ndi woumira. Shuga wosungunuka m'madzi otentha sakhalitsa m'mimba, amathamangira m'matumbo n'kulowa m'magazi, ndipo sakhutitsa. Palinso wina wobisala: ufa woyeretsera tiyi umene si mkaka weniweni nthawi zambiri umapangidwa ndi gulukozi ndi mafuta, ndipo mkaka wotsekemera wa m'chitini, wonanda uja, kuposa theka lake ndi shuga. Masamba a tiyi okha, kaya ndi a ku Thyolo kaya a ku Mulanje, alibe shuga ngakhale pang'ono.

4. Shuga wa bulawuni ndi uchi sizikupulumutsani.

Wa bulawuni ndi shuga yemweyo amene wangotsala ndi timadzi ta nzimbe pang'ono. Uchi, magawo pafupifupi 80 pa 100 ndi shuga. Shuga wa kuno kwathu amathiridwa vitamini A, ndipo n'zothandiza kwa ana, koma vitamini ameneyo sachepetsa kanthu pa mmene shugayo amakwerera m'magazi.

5. Njala ya 10 koloko imachokera ku kadzutsa.

Amene amagwira ntchito mu ofesi akuidziwa: mwamwa tiyi ndi mabisiketi 7 koloko, pofika 10 koloko m'mimba mukulira, maso akulemera, mutu sukugwira. Shuga akakwera mofulumira, thupi la anthu ena limatulutsa insulini yambiri, ndipo shugayo amatsika kupyola pamene anayambira. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2021, wa akatswiri ena a ku King's College London, anatsatira anthu oposa 1,000 ovala timakina toyeza shuga usana ndi usiku. Amene shuga wawo ankatsika kwambiri patapita maola awiri kapena atatu atadya ankamva njala msanga, ankadyanso msanga, ndipo pa tsiku lonse ankadya zambiri kuposa anzawo, ngakhale kuti kadzutsa anali wofanana.

Tsoka lake, chimene chimakhala pafupi nthawi imeneyo ndi fulasiki ndi paketi ina. Pamisonkhano ya m'mahotela zimachita kulembedwa pandondomeko: tiyi wa 10 koloko, tiyi wa 3 koloko, ndi mbale ya mabisiketi imene aliyense amatapa ndi manja awiri, ena n'kuikako m'thumba za ana.

6. Chimene chayamba kulowa m'mimba chimasintha zonse.

Mu 2015 Alpana Shukla ndi Louis Aronne a ku Weill Cornell mumzinda wa New York anapatsa anthu 11 odwala shuga chakudya chimodzimodzi kawiri, pa masiku osiyana. Tsiku lina anayamba ndi buledi ndi madzi a malalanje, patapita mphindi 15 n'kudya nkhuku ndi masamba. Tsiku linalo anayamba ndi nkhuku ndi masamba, buledi n'kubwera pambuyo. Chakudya chomwecho, kuchuluka komweko. Koma tsiku limene buledi anabwera pambuyo, shuga woyezedwa patatha ola limodzi anali wotsika ndi magawo 37 pa 100. Anthuwo anali ochepa, koma kafukufuku wina wotsatira wakhala akupeza zofanana.

Zomanga thupi, mafuta ndi masamba zikayamba kufika, chifu chimachedwa kutulutsa chakudya, ndipo matumbo amatumiza uthenga kwa kapamba kuti akonzekere. Sitachi ikamabwera imapeza njira yopapatiza.

Pa tiyi ndiye kuti choipitsitsa ndi chimene ambiri timachita: kapu yotsekemera ndi mabisiketi m'mimba mopanda kanthu. Alangizi ena amangoti dyani dzira kaye, ngati kuti dzira la tsiku lililonse n'lotheka kwa aliyense. Mtedza ndiye yankho la kwathu kuno. Kadzanja kamodzi ka mtedza wokazinga, wa m'kapepala kaja kogulitsidwa pageti, mudye kaye madzi akuwira, tiyi abwere pambuyo. Nyengo ya mapeyala, theka la peyala limagwira ntchito yomweyo. Chiponde chosathira shuga chopaka pabuledi chimathandizanso, ngakhale nyemba zotsala dzulo. Mtedza wokha muusankhe: wachuku, wofota kapena wowawa tayani, chifukwa chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi.

Sindikunena kuti mtedza umafafaniza mabisiketi asanu ndi limodzi. Koma amene wayamba ndi mtedza kawirikawiri amalekera pa awiri.

7. Minofu imamwa shuga popanda kudikira insulini.

Mnofu ukamagwira ntchito umatsegula wokha njira zolowetsera gulukozi, ngakhale mwa munthu amene thupi lake silimveranso insulini bwino. Pa yunivesite ya Otago ku New Zealand, mu 2016, anthu 41 odwala shuga anayesa njira ziwiri: kuyenda mphindi 30 nthawi ina iliyonse ya tsiku, kapena kuyenda mphindi 10 atangotha kudya, katatu pa tsiku. Mphindi zake n'zofanana, koma oyenda atangodya shuga wawo wa pambuyo pa chakudya anatsika ndi magawo 12 pa 100, ndipo pa chakudya chamadzulo anatsika ndi magawo 22. Mu 2022 akatswiri a ku Limerick, m'dziko la Ireland, ataunika kafukufuku angapo anapeza kuti ngakhale kuyenda pang'onopang'ono kwa mphindi 2 mpaka 5 kumathandiza poyerekeza ndi kungokhala.

N'chifukwa chake tiyi yemweyo sachita zofanana mwa anthu awiri a ntchito zosiyana. Wakabaza amene wamwa kapu yotsekemera n'kukwera njinga atanyamula munthu, kapena mayi amene wamwa n'kunyamula khasu, shuga uja amapsereratu m'miyendo ndi m'mikono. Mlembi amene wamwa n'kukhala pakompyuta, wake alibe kopita. Sipafunika nsapato zothamangira: kusesa pakhomo, kutsuka mbale, kukapereka kalata kuofesi ya pamwamba m'malo motuma wina, bola zichitike m'kati mwa ola loyamba.

8. Mbatata yophika ndi yootcha si chakudya chimodzi.

Mbatata yomweyo, ikaphikidwa m'madzi imakweza shuga pang'onopang'ono, ikaotchedwa imakweza kwambiri, mwina kufika pafupi ndi kawiri. Kutentha kouma kwa nthawi yaitali kumasandutsa sitachi yambiri kukhala shuga, n'chifukwa chake yootcha imatsekemera chonchija. Chakudya cha sitachi chikaphikidwa n'kuzizira, gawo lina la sitachiyo limalimba moti siligayika msanga, choncho mbatata yogona kapena mkute zili ndi kaubwino kake, ngakhale kusiyanako si kwakukulu. Pa zomwera tiyi zonse, mbatata yophika ndi chimanga chachiwisi chophika zimaposa sikono, mandasi ndi mabisiketi, ndipo zimakhutitsa.

9. Bisiketi ya usiku ndi yolemera kuposa ya m'mawa.

Thupi limamvera insulini bwino m'mawa kusiyana ndi madzulo, moti chakudya chimodzimodzi chimakweza shuga kwambiri chikadyedwa usiku. Kusagona kumawonjezera. Mu 1999 Eve Van Cauter ndi anzake ku Chicago anagoneka anyamata 11 athanzi maola 4 okha kwa masiku 6 otsatizana, ndipo matupi awo anayamba kuchedwa kuchotsa shuga m'magazi ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Atawalola kugona mokwanira, zinabwerera. Alonda, anamwino a usiku, madalaivala a maulendo ataliatali ndi ophunzira a mayeso ndi amene amadalira kwambiri fulasiki ndi mabisiketi, pa ola limene thupi silingathe kuzilandira bwino.

10. Mnzanu si muyeso wanu.

Mu 2015 Eran Segal ndi Eran Elinav a ku Weizmann Institute ku Israel anatsatira anthu 800 kwa sabata imodzi, n'kuyeza mmene shuga wawo ankachitira pa zakudya pafupifupi 47,000. Anapeza anthu ena amene nthochi inkawakwezera shuga kwambiri koma bisiketi ayi, ndi ena amene zinali zosemphana ndendende. Kulemera kwa thupi, tulo, ntchito ndi tizilombo ta m'matumbo, zonse zinali ndi gawo.

Ndiye agogo aja amene ankathira masupuni asanu n'kufika zaka 90 si umboni wa chilichonse chokhudza inu. Amene ali ndi kamakina koyezera kunyumba angathe kudzifufuza yekha: ayeze asanamwe, ayezenso patatha maola awiri, mawa asinthe chinthu chimodzi chokha, kaya kuyamba ndi mtedza kaya kuyenda, aone kusiyana. Timapepala toyezera n'todula, koma masiku ochepa oyeza mwanzeru chonchi amaphunzitsa zambiri kuposa mwezi wathunthu wongoyeza m'mawa uliwonse. Mwa munthu wopanda matenda, patatha maola awiri shuga amakhala pansi pa 7.8 mmol/L, kapena 140 pa makina owerenga mu mg/dL.

Kuyeza n'kofunika chifukwa shuga wokwera sapweteka. Impso zimayamba kumutayira mumkodzo akafika pafupifupi 10 mmol/L, ndipo pamenepo m'pamene munthu amayamba kukodza pafupipafupi, kumva ludzu losatha, ndi kuona nyerere zikuunjikana pamene wakodza, chizindikiro chimene asing'anga a ku India anachilemba zaka zambirimbiri zapitazo. Zisanafike apo zaka zimatha kudutsa mwakachetechete. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti akuluakulu 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 ku Malawi anali ndi shuga wokwera wa mlingo wa matendawa. Wina wochitikira ku Karonga ndi ku Lilongwe, wosindikizidwa mu 2018, anapeza kuti pa odwala shuga 10 alionse, pafupifupi 4 sankadziwa. Ndipo si onenepa okha: m'zipatala za kuno ku Africa odwala ambiri ndi anthu a thupi laling'ono.

11. Lilime limaphunzira, koma mtima umachedwa.

Ku China, kumene tiyi anachokera, anthu akhala akumumwa kwa zaka mazanamazana osathira shuga. Chizolowezi cha tiyi wotsekemera ndi mkaka chinakulira ku Britain, kumene cha m'ma 1700 munthu mmodzi ankadya shuga pafupifupi makilogalamu 2 pa chaka, ndipo pofika 1900 anali pafupi ndi 40. Tiyi wotsekemera ndi buledi chinali chakudya cha ogwira ntchito m'mafakitale, chotchipa, chofulumira, chotentha. Kwa ife chinabwera ndi atsamunda ndi amishoni.

Chizolowezi chimatha kusinthika. Akatswiri a ku Monell mumzinda wa Philadelphia, mu 2016, anachepetsa shuga wa anthu ena kwa miyezi itatu, ndipo pofika mwezi wachiwiri anthuwo ankamva chakudya chomwe chija chikutsekemera kwambiri kuposa kale. Chodabwitsa n'chakuti mlingo wa kutsekemera umene ankaukonda sunasinthe kwenikweni. Lilime limamva msanga, chilakolako chimatsalira. Choncho kusiyiratu tsiku limodzi, kuja timalumbira pa 1 Januwale, sikukhalitsa. Kuchotsa theka la supuni, n'kukhala pamenepo masabata awiri musanachotsenso lina, kumayenda bwino. Mandimu, jinja kapena udzu wa mandimu m'tiyi zimathandiza kuti m'kamwa musamveke mopanda kanthu. Ndipo kwa alendo, shuga abwere m'mbale yake, aliyense adzithirire.

12. Tiyi wotsekemera yemweyo amapulumutsa moyo.

Munthu amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi monga glibenclamide, shuga wake atha kutsika mopyola, pansi pa 3.9 mmol/L kapena 70 mg/dL. Zimachitika akamwa mankhwala n'kudumpha chakudya, akamasala kudya, akalima kwambiri kapena akamwa mowa m'mimba mopanda kanthu. Amene amamwa metformin yekha sizimuchitikira kawirikawiri. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda kwambiri, njala yoopsa, kusokonezeka ndi kulankhula mosamveka. Anthu ambiri amamuyesa woledzera n'kumusiya agone, ndipo pamenepo m'pamene pali ngozi.

Apa zonse zimene tanena zimatembenuka. Pakufunika shuga wothamanga, magalamu pafupifupi 15: masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi m'madzi kapena m'tiyi wosatentha kwambiri, kapena theka la botolo la chakumwa chotsekemera. Mtedza, chokoleti ndi mabisiketi a kirimu n'zochedwa chifukwa cha mafuta. Dikirani mphindi 15, ngati sanachire bwerezani. Akatsitsimuka, pamenepo m'pamene buledi, mabisiketi kapena nsima zimafunika kuti shugayo asatsikenso, ndipo ngati amamwa glibenclamide akaonedwe kuchipatala ngakhale atachira, chifukwa mankhwalawa amakhalitsa m'thupi ndipo shuga atha kugwanso patapita maola.

Pa chifukwa chomwechi, wodwala amene ali pa mankhwala amenewa akaganiza zochepetsa shuga ndi mabisiketi kapena kuyamba kuyenda akatha kudya, auze adokotala kapena anamwino a kukiliniki ya shuga, popeza mlingo wa mankhwala ungafunike kusintha. Asamachoke pakhomo opanda kapaketi ka shuga kapena masiwiti angapo m'thumba, ndipo a m'nyumba ndi anzake a kuntchito adziwe pamene amasunga. Ngati wakomoka kapena sakutha kumeza, musamuthire chilichonse m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali ndipo thamangirani naye kuchipatala.